Mazira a pa Foni, Nkhuku za ku Bafa

Lolemba

Ndakwera! Kuyambira lero sindinenso Mwanapiye. Ndine Msoti.

Foni yalira ndili m'khola ndi tsache. Kuyang'ana, kabaji kachikasu kakuwala pambali pa dzina langa. Ndavina pang'ono. Zaona ndi nkhuku zokha, ndipo sizikauza munthu.

Ndilembe bwino mmene zinthuzi zimayendera, poti bambo a Tadala ndawafotokozera kawiri, kawiri konseko n'kundifunsa ngati mazirawo tingakazinge.

Pa intaneti pali bwalo la anthu oweta nkhuku zachikuda. Wina amalemba vuto lake, ena n'kumuyankha. Pansi pa yankho lililonse pali kabatani kolembedwa kuti "Zandithandiza". Munthu akadina pamenepo, woyankha uja amalandira dzira. Lojambula, osati lenileni. Mazira akamachuluka umakwera: Mwanapiye, Msoti, Thadzi. Pamwamba penipeni pali baji imodzi yokha, Make Anapiye, ya amene waposa onse mazira mwezi ukamatha. Mwezi ukutha Loweruka lino.

Bajiyo si yodzikongoletsera. Woitenga amaloledwa kukhoma uthenga wake pamwamba pa bwalo kwa mwezi wathunthu, kuti aliyense wolowa ayambe wawerenga umenewo. Ndipo kunjaku kwayamba kutentha, chitopa chili m'njira. Uthenga wanga ndinalemba kale: katemera, kadontho kamodzi m'diso, nkhuku isanadwale. Anthu akamva zimenezi mwezi ukubwerawu, makola ambiri apulumuka.

Amene ali patsogolo panga ndi bambo wina wa ku Lilongwe, amadzitchula Dokota Wachangu. Palibe funso limene salowamo, ndipo yankho lake ndi limodzi: "Tsabola, phulusa, kapusozi. Zitheka." Nkhuku ikuwodzera? Tsabola. Yasiya kuikira? Tsabola. Sabata yatha wina anadandaula za mphamba amene akumutha anapiye. Tsabola! Mawu amenewa akakhala pamwamba nyengo ya chitopa, anthu adzakwirira nkhuku mpaka makasu kubuntha.

Sindidana naye. Zaka zonse zija ndikuphunzitsa sayansi ndinakumana ndi ana ambiri otere, okweza dzanja funso lisanathe.

Za sabata ino:
- Kuyankha mafunso onse ochokera kwathu kuno, poti nyengo yake ndikuidziwa.
- Kufupikitsa mayankho. Mbiri ya kumene nkhuku inachokera ikhoza kudikira.
- Kusakwiya.

Bambo a Tadala akuti: "Ndiye inu mukakhala Make Anapiye, ine ndikhala ndani?" Ndawauza kuti eni bwalo sanaganizire za iwo.

Lachiwiri

Mlendo m'mawa, pa kabaza, msoti wakuda uli kukhwapa. "Odi, Madamu!" Kumuyang'anitsitsa, ndi Lusiyano! Ndinamuphunzitsa ku pulayimale, ankakhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Lero ndi kapitawo ku esiteti ya tiyi, ndevu zayamba kale imvi.

Iyeyu ndiye "Mlimi wa Kumalayini" wa pa bwalo uja ndinamuyankha za utitiri sabata yatha! Pa bwalo dzina langa ndi Aphunzitsi Opuma basi, ndiye ndamufunsa wandidziwa bwanji. Akuti: "Madamu, nditangoona 'choyamba, chachiwiri, chachitatu', kumapeto 'alipo ali ndi funso?', ndinaimirira ndi foni m'manja."

Utitiri unatha. Nkhuku zake zikuikira. Msotiwo ndi wothokoza.

Mtima wanga mbee! Komabe ndafunsa mozungulira, ngati nkhani yongodutsa, ngati anakaona kabatani kaja. Anakaona. Sanadine.

"Aa, Madamu, inu kukuthokozani ndi chala? Ngati ndikupha nyerere? Kabatani n'ka anthu osawadziwa. Kwa inu ndabwera ndi miyendo."

Mwanayu analeredwa bwino, ndipo mbali ina ya kuleredwako ndi ntchito ya manja anga.

Tsopano vuto. Lamulo loyamba la woweta, limene ndimalemba pa bwalo sabata ndi sabata: nkhuku yachilendo sitiilowetsa m'khola. Imakhala payokha masabata awiri, kuti ngati yabwera ndi matenda aonekere isanapatsire zinzake. Kukana mphatso sikutheka. Kuupha msotiwu sikuthekanso, chifukwa potsanzika Lusiyano wanena kuti: "Umenewu ndi woweta, Madamu. Ndidzabwera kudzaona ana ake."

Msoti uli ku bafa. N'komwe kuli chitseko chotsekeka bwino. Bambo a Tadala asambira kuseri kwa nthochi. Akuti zaka zonse anagwira ntchito ya nkhalango pa Chambe ankasamba pamtsinje, madzi obaya m'mafupa, osadandaula, koma kumeneko sanachotsedwepo ndi nkhuku.

Mazira a pa foni lero: palibe. Koma ntchito ikuoneka!

Lachitatu

Lusiyano wafalitsa ku malayini onse a esiteti kuti Aphunzitsi Opuma amakhala ku Thuchila, nyumba ya mtengo waukulu wa mapeyala.

Afika mayi Namalowa, othyola tiyi, mawu awo kufika kaye eni ake akadali kumsewu. "Mosheliwa, aphunzitsi!" Amenewa ndinawayankha nthawi ya chiperoni, anapiye akuwafera ndi kuzizira. Ndinawauza za dengu ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsanza. Anapiye anapulumuka onse "kupatula kamodzi, koma kanali kamwano kale". Abweretsa tambala wofiira, wamkulu ngati kamwana ka mbuzi. Abweranso ndi anzawo awiri amene alibe vuto lililonse, angofuna kuona ngati ndilidi munthu.

Kabatani? "Iii, ndinakaona. Ndinati ndikadina pamenepa aphunzitsi aziti ndathana nawo."

Tambala sangakhale ndi msoti, achokera kosiyana. Ali m'kanyumba ka zipangizo, pakati pa masowo ndi nkhwangwa za bambo a Tadala. Wakwera kale pa chogwirira cha sowo, akulira ngati kanyumbako anamanga ndi iye.

Masana. Ndayankha mafunso mwachidule monga ndinalonjeza. La chimfine cha nkhuku latenga ndime zisanu ndi ziwiri zokha. Pamapeto ndalemba kuti: "Ngati zakuthandizani, kabatani kali m'munsimu." Ndawerenga. Manyazi! Ngati munthu wopatsa mlendo madzi akumwa n'kuima pomwepo kudikira zikomo. Ndafufuta.

Dokota Wachangu manyazi amenewo alibe. Amalemba "DINANI APA" m'zilembo zikuluzikulu, n'kuikapo tizala toloza. Ndipo anthu akudina. Watalikirako.

Madzulo. Foni yalira, mtima phaa! Baji yatsopano! Koma si ya mazira. Ndi ina mwa timabaji tating'ono timene makina amangogawa okha: ya Wolawira, ya Wosajomba, ya Wopereka Moni kwa Atsopano. Zonsezo ndili nazo kale. Ya lero ndi ya Cholembera Chosatha, yopatsa amene walemba yankho lalitali kuposa onse chiyambire bwalo. Pambali pake alemba kuti palibe wina anailandirapo. Siwonjezera dzira ngakhale limodzi, koma ndaonetsa bambo a Tadala. Akuti makinawo akundidziwa bwino.

Ndipo taonani kusiyana kwake: ndani anakwerapo minibasi kukamuona Dokota? Ndikupambana, kungoti foni sinamve.

Lachinayi

Tsiku la msika. Anthu akudzera pano popita, akudzeranso pobwerera.

Zalandiridwa:
- thadzi la kameta, la khosi lopanda nthenga lija, kuchokera kwa abusa ena opuma (pansi pa dengu, pakhonde);
- misoti iwiri, mwamwayi ya khola limodzi, ndiye ikhoza kukhala pamodzi (m'khitchini; tikuphikira panja);
- bakha.

Bakha wabwera ndi Che Jafali, a golosale ya pamsika. Nkhuku zawo zinatha chaka chatha ndi chitopa. Akuti yankho langa analiwerenga mochedwa, koma linali lomveka moti anamvetsa chimene chinazipha, mtima n'kukhala pansi. Ndawafotokozera kuti bakha ndiye woopsa kwambiri, amatha kunyamula chitopa iye ali bwinobwino. Amvetsera mwachidwi, agwedeza mutu, n'kunena kuti: "Mwaona? Zimenezinso sindimadziwa. Mukuyenera abakha awiri." Ndawachonderera kuti mmodzi wakwana.

Bakha ali mumgolo wodula, kuseri kwa chimbudzi.

Kudyetsa tsopano ndi ulendo. Ndimayamba ndi zanga za m'khola, kenako bafa, kanyumba, khonde, khitchini, mgolo, ndipo pakati pa khomo ndi khomo ndisambe m'manja ndi sopo, ndisinthe patapata. Aliyense mbale yake. Pomaliza dzuwa lakwera, zala zatuwa, mafunso pa bwalo Dokota wawayankha kale onse.

Madzulo. Dzira! La pa foni! Lachokera kwa mayi wina wa ku Mzuzu. Kenako lina, kwa bambo wina wa ku Joni. Ndakhala pansi ndi kuganiza mwasayansi, ndipo ndapeza lamulo: munthu akakhala kutali amadina, akakhala pafupi amabwera. Mtunda ukachepa ulemu umakula, mazira n'kusowa. Dongosolo langa loyankha a kwathu kuno ndi limene likundigwetsa! Kutulukira chinthu chotere kukanayenera baji yakeyake.

Ndisiye a kwathu, ndiziyankha akutali okha? Ndayesa. Funso loyamba kuliona ndi la mayi wachitsikana wa ku Chitakale, anapiye ake akutsegula m'mimba. Ndamuyankha. Abwera mawa, ndikudziwa.

Bambo a Tadala afunsa ngati chipinda chathu chogona chikuganiziridwanso. Ndawatsimikizira kuti ayi. Pakadali pano.

Lachisanu

Ndadzuka ndi yankho. Ndine mphunzitsi. Chimene anthu sakuchimvetsa, umawaitana n'kuwaphunzitsa!

Mawa masana, pansi pa mtengo wa mapeyala, phunziro la katemera, laulere. Pamapeto pake, kaphunziro kakang'ono ka kabatani. Lusiyano auza a ku esiteti, Che Jafali auza a pamsika. Lamulo: asabwere ndi nkhuku zodwala.

Ndakwera minibasi kupita pa Boma kukagula katemera. Kabotolo kakang'ono ngati chala, koma kokwanira makola ambirimbiri. Ndabwera nako m'fulasiki ya ayisi, nditaifungatira ngati khanda. Kondakitala amafuna kuiponya kumbuyo pa matumba a chinangwa. Ndamufotokozera chifukwa chake katemera safuna kutentha. Pofika pa Thuchila minibasi yonse inali chete, iye waiwala kuitanira.

Chovuta ndi kabatani. Anthu athuwa akukaona ngati kuthokoza kwaulesi. Ndiye ndisawauze kuti n'kuthokoza ayi. Ndiwauza kuti ndi moni. Ukafika pabwalo umapereka dzanja. Dzanjalo sililowa m'malo mwa kucheza, sililowa m'malo mwa mphatso, limangosonyeza kuti munthuyo wamuona. Kabatani ndi dzanja la pa foni. Basi!

Fanizo labwino chonchi sindinalipezepo chiyambire ntchito. Ndaliyeserera mokweza m'khitchini, misoti iwiri ija ikumvetsera chopendeketsa mitu.

Wa ku Chitakale uja wabweradi. Nkhunda ziwiri. Zili m'katoni pamwamba pa kabati.

Loweruka

Tsiku lalikulu!

Anthu adzaza mpaka kumpanda. Mabenchi tabwereka kutchalitchi. Pageti bambo a Tadala aima ndi beseni la madzi a mankhwala, aliyense apondemo asanalowe. Ntchitoyi aikonda. Akuti ikuwakumbutsa masiku oletsa anthu kulowa ndi machesi m'nkhalango. Bambowa abweza kawiri abusa opuma aja, ati anangonyowetsa chidendene.

Ndinati asabwere ndi nkhuku zodwala. Amvera. Abwera ndi zathanzi. Ndasiya kuwerenga, zamangidwa miyendo, iliyonse pamthunzi pake.

Phunziro layenda bwino zedi. Chitsanzo ndi tambala wofiira: Lusiyano wamugwira, mayi Namalowa adontheza m'diso, tambala waphethira, wameza, anthu m'manja. Mafunso anzeru. Wina wafunsa ngati madontho awiri amateteza kawiri. Ayi. Wina ngati kadonthoko kamagwiranso apongozi. Ayinso. Agwirizana okha kuti fulasiki izungulire makola awo lero ndi mawa, katemera asanathe mphamvu.

Kenako kabatani. Ndafotokoza za moni, za dzanja. Ndaona nkhope zikumasuka imodziimodzi, mmene zimachitira m'kalasi chinthu chikalowa. "Ooo! Ndi moni? Bwanji osanena kale, Madamu!" Mafoni atuluka m'matumba, m'mipango, m'mabulauzi. Amene alibe bandulo agawiridwa ndi anzawo.

Foni yanga yayamba kulira. Osasiya! Dzira, dzira, dzira! Kabaji kasintha: Thadzi! Dokota Wachangu ndamupeza. Ndamudutsa! Dzina langa lili pamwamba! Mayi Namalowa nthungululu, mpaka bakha wayankha. Bambo a Tadala asiya beseni, andigwira dzanja pagulu, chinthu chimene anachita komaliza pa ukwati wa Tadala.

Ndalowa m'nyumba kukatenga thobwa. Kutuluka, anthu akadali chiweramire pa mafoni, zala zikugwira ntchito. Koma foni yanga ili chete.

Ndasuzumira pa foni ya mayi Namalowa. Akudina pansi pa "Tsabola, phulusa, kapusozi."

"Nanga si mwati ndi moni, aphunzitsi? Tipereke kwa inu nokha, enawa ali pamzere womwewu tiwadumphe? Tinayambana nawo?"

Che Jafali nawo: "Makamaka bambo a tsabolawa. Funso lililonse ndikulowamo ndikuwapeza atakhala kale. Munthu wosatopa."

Ndinene kuti chiyani? Kuti pabwalo umasankha wopatsa dzanja? Ine, amene ndinkabweza mwana pakhomo pa ofesi chifukwa chopereka moni kwa ahedi okha n'kusiya aphunzitsi ena? Fanizo langa aligwira bwino kuposa mwini wake ine. Ndipo masamu ake ndi osavuta. Ine mafunso ndimayankha ochepa, mozama. Iye ali paliponse. Aliyense wa pano wapereka moni kwa ine kangapo, kwa iye kosawerengeka.

Lusiyano akuyenda pakati pa mabenchi ngati ali m'munda wa tiyi: "Musadumphe munthu! Onetsetsani, tisawachititse manyazi Madamu!"

Thobwa ndagawa. Ndamwetulira. Kalasi yomvera chonchi sindinakhalepo nayo.

Foni ndaitsekera m'kabati.

Lamulungu

Make Anapiye ndi Dokota Wachangu.

Ndatsegula foni titachoka kutchalitchi, nditavula nsapato, nditakhala pansi, kuti ngati n'kugwa ndigwere pafupi. Kabaji kagolide kali pa dzina lake. Pamwamba pa bwalo pakhomedwa mawu ake anayi aja, mwezi wathunthu. Ine ndine wachiwiri. Wachiwiri salandira kanthu. Ndafufuza.

Chikundiwawa ndi cha munthu wa ku Nsanje kapena ku Karonga amene alowe mawa nkhuku zake zikadali bwino, n'kuthamangira kukasinja tsabola m'malo mofunafuna katemera. Ameneyo pansi pa mtengo wanga sangafike.

A kuno okha ndiwo apulumuka. Fulasiki yamaliza malayini a esiteti, tsopano ili cha kumsika. Mayi Namalowa atumiza uthenga kuti palibe khola limene ladumphidwa. Zimenezo ndikukhulupirira. Anthuwa sadumpha.

Pansi pa uthenga wake Dokota walembanso mawu ena, aatali kuposa onse amene analembapo: "Anthu a ku Mulanje, sindikudziwa ndinakuchitirani chiyani, koma dzulo foni yanga inatentha. Mulungu akudalitseni." Onse a dzulo adinapo kale. Lusiyano, Che Jafali, abusa. Ngakhale bambo a Tadala, amene analembetsa dzulo lomwelo osandiuza.

Wotsala ndine ndekha. Aliyense akuona kuti Aphunzitsi Opuma adutsa munthu pamzere.

Ndadina.

Kenako ndakokera mpando pamthunzi, ndapukuta mandala, ndapempha bambo a Tadala atereke madzi a tiyi. Munthu ukamupatsa moni ndiye kuti kucheza kwayamba, ndipo nkhani ya tsabolayi ndi yaitali.